Ola la Hamala Yaikulu

Magret anagwira mpini wa hamala Fainess asanauleke, ndipo azimayi awiriwo anayamba kukokana, wina uku wina uko, mapazi akuterereka pamiyala. Aliness anaponya kahamala kake pansi n'kukaima pakati pawo.

Analipo azimayi asanu ndi mmodzi oswa miyala ya kwale m'munsi mwa phiri la Mulanje, cha kwa Nazombe. Aliyense anali ndi kahamala kake kophwanyira tizidutswa, koma hamala yaikulu, yong'ambira zimiyala, inali imodzi yokha. Anaigula mosonkherana zaka zitatu zapitazo n'kupangana kuti aliyense aziigwira ola limodzi patsiku. Ola limenelo ndilo linali chakudya cha munthu, chifukwa zimene wang'amba n'zomwe uziphwanya mpaka madzulo. Wosunga nthawi anasankha Aliness, poti sankadziwika ndi bodza. Iye anazika kamtengo pamalo osalala, n'kujambula mizere pansi, ndipo mthunzi ukadumpha mzere hamala inkasintha manja.

Zinkayenda bwino mpaka chiperoni chitabwera. Mwezi wa Juni umenewo dzuwa linabisala masiku anayi, phiri lonse litafunda nkhungu, kamtengo kaja kangoima chabe kopanda mthunzi. Aliness ankangoyerekeza nthawi ndi mutu. Tsoka lake, Fainess anali mchemwali wa mwamuna wake, ndipo Magret si munthu wosunga mawu m'kamwa.

"Amayi a Elton, ola la alamu anuwa lili ndi mchira," anatero Magret kwa Aliness, akupumira m'mwamba. "Lathuli ndiye lodulidwa. Ngati zili choncho, Loweruka tigulitse hamalayi aliyense aone njira yake."

Azimayi ena awiri anavomereza ndi mutu. Aliness anamva kuwawa mpaka m'mafupa. Kutopa ankakudziwa, njala ankaidziwa, koma kutchedwa wokondera pamaso pa anzake chinali chinthu chachilendo. Ndipo hamala ikagulitsidwa, palibe mwa iwo akanatha kugula yakeyake. Anangopempha kuti amudikire mpaka Loweruka lomwelo.

Za foni panalibe wozitchula. Ya Felista, mmodzi mwa iwo, inaswedwa galasi ndi kamwala kothetheka chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo onse ankasiya mafoni kunyumba. Wotchi nayo anali ataiyesa kale. Mwamuna wa Aliness, a Saulos, anamubwereka yawo yonyezimira ngati golide, imene ankavala popita kutchalitchi basi. Inakhala masiku asanu pamiyalapo, lachisanu ndi chimodzi muvi umodzi unathothoka n'kumangoyendayenda m'kati mwa galasi. Azimayi anaseka sabata yathunthu, a Saulos sanaseke.

Lachisanu m'mawa Aliness anakwera kabaza wa ku Boma. M'chitenje anamangamo wotchi yakufa ija ndi ndalama za mawilibala awiri a miyala, ndipo m'manja ananyamula jumbo yodzaza fumbi la pakwale, loyera lija lolowa mpaka m'makutu. Wakabaza anafunsa ngati unali ufa wa chinangwa. Iye anati ndi mayeso.

Anayambira kwa a Walter, mkulu wokonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Mkuluyo anatsegula wotchi ya a Saulos ndi kampeni, n'kuigogoda papepala. Panatsika kamulu ka fumbi. Anayang'ana kamuluko, kenako manja a Aliness, okhakhala ndi ong'ambika m'zala, ndipo sanafunsenso ntchito yake. Anamufotokozera kuti fumbi limalowera pakachitsulo kopukusira kam'mbali, ndipo mivi siipirira kugwedezeka kwa hamala. Anamulangiza kufuna ya manambala, ya lamba wa mphira wosachita dzimbiri ndi thukuta, yomangidwa kumbuyo ndi tizisikuluwu tinayi.

"Koma mayi, ndisakunamizeni," anawonjeza a Walter. "Zambiri zimaoneka choncho kunja kokha. Yeniyeni imakhala ndi kamphira m'kati kotseka mpata, ndipo wogulitsa sangakuloleni kutsegula musanalipire."

Aliness anathokoza, nati kutsegulako sikufunika.

Benchi la mawotchi mumsikamo linali la Goodman, mwamuna wa pakamwa potsekemera amene akanatha kukugulitsa ambulera mu Okutobala. Atangoona mayi wa chitenje akuyang'ana katundu, anayamba kuyamika chilichonse chimene chinali pabenchipo. Iyi siifa, iyi ngakhale mumtsinje mutha kusamba nayo, iyi ndiye amavala mabwana a ku khonsolo. Anamuveka yonyezimira pamkono n'kunena kuti yamukhala ngati anabadwa nayo. Kunena zoona inamukhaladi, ndipo mtima wa Aliness unagwedezeka pang'ono. Mkazi amene wakhala zaka zambiri ali mbuu ndi fumbi amalakalaka kanthu kowala. Koma anakumbukira nkhope ya Magret, n'kuivula.

Anaika jumbo yake pabenchi n'kuimasula.

"Achimwene, zonsezi mwati n'zolimba. Ndisankhireni imodzi ndiikwirire umu, ndiikhutchumule, ndiigwetse pansi, kenako ndikaitsuke pampopi. Ikatuluka yamoyo ndagula, sindinenerera. Ikafa ndi yanu."

Goodman anaseka, poganiza kuti n'zocheza. Ataona kuti mayiyo sakuseka, anayamba kukanda kumutu. Azimayi ogulitsa nandolo ndi tomato pafupipo anasiya malonda n'kuyandikira. Aliness analoza yonyezimira ija, Goodman anaikokera kumbuyo, ati imeneyo ndi ya muofesi. Analoza yofiira ya manambala, ati imeneyo batire lake n'lofooka. Analoza ina, ati yalipiridwa kale ndi mphunzitsi wina. Imodziimodzi mawotchi osafa aja anathawira kuseri kwa benchi, anthu akufa nazo kuseka.

Manyazi atamukwana, Goodman anapisa m'katoni ya pansi n'kutulutsa kawotchi kakuda, kogwiritsidwapo kale ntchito, kokalika pagalasi, konyansa ngati chidutswa cha tayala. Anakaponya pabenchi osakayamika n'komwe.

"Iyi ndiye kwirirani mmene mungafunire, mayi."

Aliness anaitembenuza. Tizisikuluwu tinayi tinalipo. Anaiponya m'jumbo, n'kumanga, n'kukhutchumula ndi manja onse awiri ngati akusakaniza mbewu. Anaivuula ili mbuu, anaigwetsa pasimenti kawiri, kenako gulu lonse linamuperekeza kumpopi. Madzi atachotsa fumbi, manambala anali akuphethira bwinobwino, m'kati mwa galasi mopanda ngakhale kadontho. Mayi wina wa nandolo anaimba nthungululu. Goodman, amene mphindi zapitazo anali atagwa nkhope, anayamba kulengeza kuti katundu wake ndi wotero, ndipo anafuna kukweza mtengo. Anthu anamukuwiza mpaka analandira zimene Aliness anabwera nazo.

Pobwerera anadzeranso kwa a Walter, amene anaitchera kuti izilira ola lililonse likakwana. Anamuuza kuti mabatani asamawadine ili m'madzi, ndipo madzulo aziipukuta ndi kansalu. Aliness anakwera kabaza mutu uli m'mwamba. Ankadzimva kuti wachita chinthu chanzeru, ndipo sankaona chifukwa chodzibisira.

Loweruka kunacha ndi nkhungu yomweyo. Azimayi anafika pamiyala, hamala yaikulu itagona pakati ngati mwana wa milandu. Aliness anaonetsa wotchi ija, nafotokoza za kulira kwake. Felista anaitcha chule. Koma Magret sanasunthike. Anati wotchi ikhoza kukhala yabwino, koma mkono ndi womwewo, maso ndi omwewo, ndipo phokoso la mahamala likachuluka adzamva kulirako ndi mwini mkono yekha.

Mawuwo anali owawa, koma Aliness anaona kuti munali nzeru. Anamasula lamba pamkono pake. Tsiku limenelo woyamba kugwira hamala anali iyeyo, wachiwiri Magret.

"Bweretsani dzanja, a Magret. Wotchiyi azivala ndi amene akudikira hamala. Munthu wodikira sagona."

Anamuveka yekha, n'kukoka lamba mpaka pabowo lomaliza poti Magret anali wa mikono yoonda. Kenako anadikira kuti ilire koyamba, n'kunyamula hamala.

Panali chimwala china chotuwa chimene Aliness analimbana nacho masiku awiri, chachikulu moti chikanadzaza mawilibala atatu. Anachimenya m'mbali, anachimenya pamsana, thukuta likuyenderera ngakhale kunali kozizira. Kwa nthawi yaitali chinkangotulutsa moto n'kubweza hamala. Kenako mawu ake anasintha. Woswa miyala aliyense amawadziwa mawu amenewo, ogonthera, osonyeza kuti m'kati mwayamba kulekana. Kamzere kanaoneka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Aliness anapuma kamodzi, anakhazika mapazi, n'kukweza hamala pamwamba pa mutu.

Chule uja analira.

Kanali kamawu kakang'ono, koti munthu akanatha kunena kuti sanamve. Magret yemwe anangoyang'ana pamkono pake. Fainess ananong'oneza kuti alamu menyani kamodzi kokha, palibe angakudzudzuleni. Mtima wonse wa Aliness unali pamwalapo. Anatsitsa hamala pang'onopang'ono, osakhudza mwala, n'kuitembenuza mpini kuloza kwa Magret.

"Ola lanu layamba."

Magret analandira hamala. Kenako anavula wotchi, napita kwa amene ankabwera pambuyo pake, yemwe anali Fainess yemwe uja anakokana naye, n'kumuveka pamkono. Atatero sanapite pamiyala yake. Anaima pachimwala cha Aliness, analavulira m'manja, n'kumenya kamodzi. Chimwalacho chinayasama n'kugona mbali ziwiri.

"Zanu izo, amayi a Elton," anatero, akukoka hamala kupita pamalo pake. "Musazolowere."

Aliness anakhala pansi n'kutola kahamala kake. M'maso munkamuyabwa, ndipo anauza Felista kuti ndi fumbi. Ankanyada, kunyada kwenikweni kodzaza chifuwa, kuposa mmene ananyadira kumsika kuja. Tsiku lonse wotchi inayenda mkono ndi mkono, ikuchita mbuu, ikulira nthawi yake. Za kugulitsa hamala palibe anazikumbutsa. Poweruka, Magret anazula kamtengo ka mthunzi kaja n'kukaika pamtolo wake wa nkhuni.