Kutsogolo Kokhakokha

Pali chinthu chimodzi chimene Chete sanauzepo munthu, ngakhale mkulu wake amene ankagona naye chipinda chimodzi: iye sankadziwa kubweza galimoto m'mbuyo. Laisensi anali nayo, yatsopanotsopano, pachithunzi maso ali tong'o ngati waona njoka. Koma tsiku la mayeso, atafika pa rivesi, woyesa uja anayang'ana dzina la bambo ake papepala n'kuseka.

"Ndiwe mwana wa mkulu wa malole uja? Aaa, tisatayepo nthawi apa. Mwana wa bakha saphunzitsidwa kusambira."

Anachonga kuti wakhoza. Chete anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Dzina lakelo anthu sanamupatse pachabe.

Bambo akewo anayendetsa malole zaka makumi atatu, ndipo mbiri yawo yonse inagona pa rivesi. Ankalowetsa lole ya ngolo ziwiri pageti lopapatiza chambuyo, dzanja limodzi pachiwongolero, lina lili ndi nthochi. Kunyumba ankakonda kunena kuti, "Kutsogolo ngakhale mbuzi ikhoza kuyendetsa. Dalaivala timamuonera m'mbuyo." Ndiye Chete akanayambira pati? Anayesapo kamodzi payekha pabwalo, anthu onse atachoka, n'kuphwanya beseni lochapira la mayi ake. Mlandu unagwera ana a aneba. Chitengereni laisensi, kagalimoto ka pakhomo ankakaimika pokhapokha pomwe akanatha kutuluka chakutsogolo, ngakhale pakhale patali chotani ndi sitolo. Mayi ake ankangoti mwanayu amakonda kuwongola miyendo.

Kenako bambo aja anaterereka potsika m'lole, kutali kuseri kwa mapiri, n'kuthyoka mwendo. Anagonekedwa m'chipatala cha komweko sabata ziwiri. Lachinayi m'mawa anaimba foni kuti awatulutsa, bedi apatsa wina, ndipo akhala pabenchi ya pakhonde ndi ndodo zawo mpaka wowatenga afike. Mayi sakanachoka kufakitale. Mkulu wake chiwongolero sanachigwirepo.

"Abwere Chete," anatero bambo, mawu akumveka m'khitchini monse. "Ameneyo ndi dalaivala, magazi anga. Tamvera mwana wanga, njira ndi yosavuta. Ukadutsa mlatho wachiwiri uyamba kukwera. Ukafika pomwe ndinaphulitsira tayala chaka chija, ukhotere kumanja."

"Chaka chiti, bambo?"

"Chomwe unabadwa iwe! Pali chimwala chachikulu, sungaphonye."

Ananyamuka dzuwa lisanatenthe, botolo la madzi ndi pilo wa bambo zili pampando wa m'mbali. Maola awiri oyamba anayenda bwino, mpaka anayamba kuimba motsitsa. Chisokonezo chinayambira pa milatho. Woyamba unali mlatho ndithu, wazitsulo m'mbali. Koma kenako anadutsa kakonkire kena kokhala ndi paipi pansi pake. Kodi ameneyo bambo amamuwerenga kuti mlatho? Asanaganize bwino anadutsa kena kotero, ndipo msewu unayamba kukwera, kutsika, kukweranso.

Miyala ndiye inali yosayamba. Uwu waukulu, winawo woposa, wina wasenza unzake. Nkhungu inatsika kuchokera pamwamba ngati utsi wa zinyalala zonyowa, ndipo mitengo ya paini inkangotulukira mwadzidzidzi n'kusowanso. Pafoni, kadontho kosonyeza pomwe ali kankangozungulira pamalo oyera opanda msewu. Makutu ake anatsekeka. Anameza malovu, anatseguka, ndipo m'pamene anaona pagalasi loonera m'mbuyo kamsewu kolowera kumanja, chimwala chili pambali pake, kakumka kakuchepa.

Anaponda mabuleki. Kumanzere kwake kunali khoma la thanthwe, kumanja phompho lomwe pansi pake sipankaoneka. Anaika dzanja pagiya. Chilembo chija cha R chinkamuyang'ana. Mtunda wake sunali wautali, mwina ngati kuchoka m'kalasi kukafika ku ofesi ya ahedi. Anakhala choncho, injini ikunjenjemera. Kenako anakumbukira zomwe anaphunzira chaka chatha chomwechi, kuti dziko ndi lozungulira, n'kulowetsa giya yoyamba.

Malo otembenukira sanapezeke. Msewu unatha phula, unasanduka wafumbi, n'kukathera pa chitsulo chopingasa ndi kanyumba kobiriwira. Chikwangwani chinali ndi chithunzi cha njovu. Anali atafika pageti la malo osungirako nyama zakutchire. M'kanyumbamo munatuluka bambo wachikulire, akutokosa m'mano ndi kachitsotso.

"Msewu uwu umakatulukira kuchipatala?" anafunsa Chete.

"Mukuti chiyani, mayi? Mawuwo mwasiya kunyumba?"

Anabwereza mokwezako mawu.

"Umatulukira, bola musakhote. Mukafika pamtengo waukulu mudzere kumanzere. Geti la uko amatseka faifi koloko, mukachedwa musandinene ine. Ndipo mukakumana ndi njovu musaimbe hutala. Mungobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, sizivuta."

"Chabwino, zikomo," anatero Chete, ngati wauzidwa kuti atseke zenera.

Asakhote, koma adzere kumanzere. Anayenda akutembenuza mawu awiriwo m'mutu, osaona pomwe akugwirizana. Ndipo mtengo waung'ono m'nkhalangomo unali uti? Pamphambano yoyamba chikwangwani chinali chitagwa chafufumimba, ndowe zikuluzikulu zili pambali pake. Sanayerekeze kutsika kuti achitembenuze. Anapita kutsogolo. Mbawala zinadumpha msewu, anyani atakhala pachulu ankamuyang'ana ngati akudziwa kanthu. Patsogolo pang'ono njiri inathamanga mchira uli njo, itafika padzenje lake inatembenuka n'kulowa chambuyo, mosayang'ana n'komwe, bwinobwino osakhudza m'mbali. Chete anaiyang'ana mpaka mano ake anabisika m'dzenjemo. Ngakhale njiri.

Pamphambano yachitatu panali mtengo womwe unkaoneka woposako anzake. Anadzera kumanzere. Kamsewuko kanayamba kukwera, udzu ukukanda zitseko mbali zonse ziwiri. Kanakhota, kanapapatiza, kanakweranso, ndipo mwadzidzidzi kanatha. Patsogolo panali mpanda wamatabwa wofika m'chiuno ndi benchi imodzi. Kuseri kwa mpandawo kunalibe nthaka, mphepo yokhayokha. Pansi patali, m'chigwa, tauni inali mbee padzuwa, ndipo anatha kuona denga lalitali lofiira lomwe sakanalakwitsa: chipatala. Wotchi ya m'galimoto inkati folo koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

Anazimitsa injini. Anamwa madzi. Anayang'ana kumanzere, thanthwe. Kumanja, dzenje lokumbidwa ndi mvula. Anakumbatira pilo wa bambo ake, womwe unkanunkha dizilo ngakhale unachapidwa.

Patapita nthawi anamva njinga yamoto. Anatsika mayi wina wovala yunifolomu yobiriwira, mfuti ili kumsana, mmodzi wa alonda a nyama. Anagogoda pazenera ndi chala.

"Achemwali, mwabwera kudzaona malo kapena kudzamanga nyumba? Tikutseka posachedwa."

"Ndimapita kuchipatala."

"Kudzera pano? Ndiye mukafikadi, koma osati ndi miyendo yanu." Anaseka yekha. "Mwakhota msanga. Bwererani mpaka pamtengo paja, mupitirire. Mphindi makumi atatu muli pageti."

"Giya ikuvuta," anatero Chete, maso ali pamaondo.

"Tapondani kilatchi." Mayiyo analowetsa mkono pazenera, n'kukankha giya kamodzi kokha. Inalowa ngati mpeni m'papaya. "Yavuta pati? Ine galimoto sindiyendetsa, zanga ndi njinga, koma izi ndimaziona. Ndiima kumbuyoko ndizikuuzani. Lizani."

Chete analiza. Anayang'ana pagalasi la pakati, anaona chipewa cha mlonda. Anayang'ana la m'mbali, anaona udzu. Anatembenuza khosi, ndipo zonse zinasinthana malo. Galimoto inadumpha chambuyo ngati chule.

"Kumanja! Kumanja kwanu, osati kwanga! Ayi, kwinako! Mayo ine, imani!"

Injini inatsokomola n'kuzima. Tayala la m'mbuyo linali m'mphepete mwenimweni mwa dzenje lija, timiyala tikugwera pansi timodzitimodzi. Mlondayo anabwera pazenera, wasiya kuseka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana manja a Chete omwe anali atakanirira pachiwongolero.

Foni inalira. Pamwambapo netiweki inali yodzaza. Chete anaidina, mawu a bambo ake anadzaza m'galimoto monse, kumbuyo kwawo kukumveka mawilo a machira ndi anthu akuyankhula.

"Iwe Chete, uli pati? Matako afa pabenchi pano. Ndaimba kasanu!"

"Ndili m'nkhalango ya nyama, bambo. Pamwamba. Ndikuona denga lanu."

"M'nkhalango? Wakatani kumeneko? Chimwala chija sunachione?"

"Ndinachiona nditadutsa."

"Ndiye osangobweza bwanji?" Anaseka, n'kuyamba kuyankhula ndi wina wa pabenchipo. "Achimwene, ndi mwana uja ndimakuuzani uyu, woyesa mpaka anachita kumugwira chanza. Chabwino, palibe kanthu, ngakhale ine ndinasocherapo. Panopa pali chiyani kutsogolo kwako?"

"Phompho."

"Kumbuyo?"

"Msewu."

"Basitu! Ikamo rivesi, masekondi awiri watuluka. Fulumira, anamwino ayamba kundiyang'ana ngati katundu wosowa mwini."

Mlonda uja anatsamira chitseko. Anangokweza nsidze n'kuloza foniyo ndi chibwano. Wotchi inkati kwatsala mphindi makumi anayi kuti geti litsekedwe. Mphepo inkawomba kuchokera m'chigwa, kugwedeza kagalimoto pang'onopang'ono. Chete anayang'ananso chilembo chija cha R.

"Halo? Chete? Wandimva?"

Anakokera foni pafupi ndi pakamwa. Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira, mpaka mbalame ina inauluka pampanda.

"Bambo, ine rivesi sindiidziwa. Sindinaidziwepo n'kale lomwe. Ndipo beseni lija ndinaphwanya ndine."