Ulaliki wa Mdindo

Mumpingo monse ankawatchula kuti a Chidindo, poti anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, kudinda makalata mpaka chala kuuma ngati chikuni. Atapuma pantchito anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo anali ndi ulaliki umodzi umene ankaunyadira kuposa jekete lawo la Lamulungu. Unali wa mdindo, mawu amene anawapeza m'Baibulo lawo lakale, lachikuto chakuda chomata ndi selotepi. Iwo ankati mdindo ndi munthu wodinda, ndipo ankafotokoza kuti Mulungu amafuna anthu odinda mowongoka, osamwaza inki, osalakwitsa deti. Akafika pamenepo ankamenya gome ndi chibakera, di, ngati akudinda kalata, ogona onse n'kudzidzimuka.

Mpingo utaganiza zoika Mabaibulo m'mabenchi, komiti inakumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, momwe amasungamo matsache ndi timakapu ta mgonero. Patebulo panali Mabaibulo awiri: lakale lija, ndi lomasuliridwa chatsopano limene anabweretsa aphunzitsi a kusekondale, mlembi wa komitiyo.

"Latsopanoli ndi tiyi wopanda masamba," anatero a Chidindo, akulikankha ndi chala. "Mawu a Mulungu azilemera. Ili likuyankhula ngati tikugula sopo pagolosale."

"Koma achinyamata akulimva, bambo," anayankha aphunzitsiwo. "Lakaleli akamawerenga amakhala ngati akutafuna miyala."

"Chabwino. Tsegulani pa mdindo paja timve."

Aphunzitsi anatsegula n'kuwerenga. Mawu akuti mdindo panalibe. Panali kapitawo, woyang'anira nyumba ndi antchito a bwana wake.

"Mwamva nokha," anatero a Chidindo, mtima uli mbee. "Achotsa chidindo m'Mawu a Mulungu. Mawa adzachotsa chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku kuti wina awavomereze, koma mayi wotsogolera kwaya anali atayamba kuwerenga matsache pakona. Abusa, munthu wokalamba wosakonda mikangano, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Akulu, mdindo ndi kapitawo yemweyo. Ndi mawu akale chabe. Za kudinda mulibemo, ngakhale m'Chigiriki."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire pomwe linalembedwa."

"Nanga zaka zonsezi osandiuza bwanji, abusa?"

"Ndinkafuna ndithu. Koma ndi ulaliki wokhawo umene anthu sagona."

Mayi wa kwaya anabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedera. A Chidindo anakumbukira malo onse amene anamenyako magome: paukwati wa mwana wawo, kumsonkhano wa abambo, ngakhale pamaliro a bwana wawo wa ku positi, pomwe mkazi wamasiye analira mpaka anthu kumugwira kuti asagwe. Ataganiza za magome osalakwawo, chiseko chinawatuluka chokha, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti ndakhala ndikulalikira za ine ndemwe," anatero akupukuta misozi.

Iwo omwe ndi amene anapereka ganizo limene komiti inagwirizana nalo: latsopano lipite m'mabenchi, lakale likhale paguwa, ndipo pomwe mawu avuta, wowerenga aziwerenga onse awiri.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita malaya.

"Amayi, inu mumadziwa kuti mdindo si wodinda?"

"Ndinadziwa chaka chatha. Apongozi anandiwerengera pafoni yawo."

"Ndiye n'kungokhala chete?"

"Bambo akakhala womenya gome, kuli bwino azimenya la kutchalitchi."

A Chidindo anabwereka Baibulo latsopano kwa aphunzitsi. Kwa milungu itatu ankakhala pakhonde m'mawa uliwonse, Mabaibulo awiri pamiyendo, kope la maulaliki awo pambali, kufufuza vesi ndi vesi ngati akusankha makalata. Penapake latsopano linkawatsegula maso. Penanso, makamaka m'Masalimo, lakale linkakoma kwambiri m'kamwa, ndipo atawawerengera aphunzitsi mokweza, nawonso anavomera.

Kafukufuku atatha, anatseka kope n'kuusa moyo.

"Mwa maulaliki asanu ndi awiri, apulumuka atatu," anauza akazi awo. "Enawo ndawaika m'manda."

"Atatu akukwanirani," anatero mayiwo, akuwapatsa kapu ya madzi. "Paja amakupatsani guwa kawiri pachaka."