Bafa la Kaputeni Hokiriji

Ndinalota mayi anga, a Nasimango, atabwera kuchokera kumanda, tsitsi lawo likukwekwereka pansi kuyambira pakhomo mpaka kumsewu. Sanametepo chichokereni bambo anga, a Zakeyu, kupita ku nkhondo ya Angerezi ku Burma, ine ndili m'mimba. Uthenga wa imfa utafika, achibale anafuna kuika thunthu la nthochi m'manda, monga zimakhalira munthu akafera kutali, koma mayi anakana. Ankati iwo sangalire nthochi.

"Elube," anatero mayi, "ndatopa kugona ndekha. Pita ukatenge bambo ako. Zikakanika, ukatape dothi la pamanda awo, kuti ndimete."

Ndinatsegula chitseko cha kukhitchini n'kupeza mtsinje waukulu wa madzi ofiira, mvula ikuchokera pansi kupita kumwamba. Ndinadziwa kuti kuno ndi ku Burma. M'mphepete mwa mtsinjewo munali bafa lachitsulo, ndipo m'bafamo munali nkhalamba yachizungu, yofewa ngati mbatata yophikitsa, mamendulo itawabaya pakhungu penipeni poti inalibe malaya. Anali Kaputeni Hokiriji, amene bambo ankamunyamulira katundu. Mzunguyo anafera kwawo kalekale, pamatilesi, koma pakamwa pake uthengawo unali usanafikepo.

"Anyamata anga aja," ankatero m'Chinyanja chake cha m'mphuno, "tinali ngati ana a mimba imodzi. Mavuto tinkadyera limodzi."

Mavutowo kaya, koma nyama yam'chitini ankadya yekha. Zinkachita kuonekera pamimba.

"Ndine mwana wa a Zakeyu Chimtengo," ndinatero. "Ndionetseni pamene munawaika."

"Zakeyu. Munthu wabwino zedi. Madzi anga osamba sankataya ngakhale dontho."

Analoza ndi sopo kumanda ena okongola, a miyala yopaka laimu, maluwa ali mbuu. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinalira mokweza monga ayenera kulirira mwana wamkazi. Kenako ndinatapa dothi n'kulimanga pansonga ya chitenje. Dothilo linayankhula mwaulemu.

"Pepani mayi, ine ndine bulu. Dzina langa ndi Dafine, ndinkanyamula zipolopolo. Bambo anu ndi amene anakumba dzenje lino, ndipo anakumba bwino."

Ndinamasula chitenje manyazi atandigwira mpaka kuzala za kumapazi. Misozi yonse ija, ndi nkhalamba ngati ine, kulirira bulu. Potembenuka ndinapeza mzungu uja nayenso akulira, misozi yeniyeni, akunena kuti Dafine anali ndi maso okoma ndipo amamulotabe. Ndinatsonya mpaka mbalame zinathawa m'mitengo.

"Nanga bambo anga?"

"Anaterereka pakati pa mtsinjewu atasenza bafali. Tinathamangira, ndipo mwamwayi bafa tinalipulumutsa. Tsopano ndiwolotseni, mayi. Khosi lanu ndi la bambo anu ndithu."

Ndisanayankhe ndinangoona bafa lili kale pamutu panga, popanda nkhata, mwini wake ali momwemo. Ndinalowa m'madzi. Pamwambapo iye ankasimbabe za tiyi amene ankamwa mizinga ikulira, za mnzake wina wa kwawo amene ankaimba bwino, za kulimba mtima kwake iye mwini. Thovu la sopo linkandilowa m'maso. Ndinamuda munthuyo, ndinamuda mpaka m'mano.

Madzi atafika pachifuwa ndinaweramitsa mutu pang'ono, mmene timatulira mtolo wa nkhuni. Bafa linatera pamadzi n'kuyamba kupita ndi mtsinje. Iye sanazindikire n'komwe, anapitiriza kuuza mitengo za anyamata ake. Mtima wanga unazizira bwinobwino.

Pomwepo mnyamata anatuluka m'madzi patsogolo panga, atavala kabudula wa khaki, wopanda nsapato, ataima chilili manja ali m'mbali. Anali wamng'ono kuposa mdzukulu wanga. Anali ndi mpata wa mano ngati wanga.

"Moni mayi," anatero. "Kodi bwana wawoloka?"

"Ndine Elube, mwana wanu. Mayi akukudikirani. Tiyeni kumudzi, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi akutuluka m'makutu mwake.

"Anabereka mwana wamkazi eti? Zikomo kwambiri. Kumudzi ndikufunako, mwana wanga. Koma msilikali sachoka pamene anamuimika mpaka wamkulu wake amumasule. Zaka zonsezi ndikungodikira kuti bwana anene kuti ndipite. Ali kuti?"

Ndinacheuka. Bafa linali kutali, laling'ono ngati chikho, likukhota pamene mtsinje umalowa m'nkhalango. Ndinayamba kulithamangira, koma miyendo inkangopalasa pamalo amodzi, madzi akundikankhira m'mbuyo. Bambo anaimabe chilili, osaphethira.

Ndinadzuka mawu atasasa, ndikukuwa kuti, "Bwana, bwana, bwererani," ine Elube, amene chibadwire sindinatchulepo mzungu aliyense dzina limenelo.