Mwala Wamamba wa Alamu

Mayi wosamalira miyala m'nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana anali atatha zaka khumi akuika timadontho pamapu. Kadontho kalikonse kanali malo amene kunapezeka mitengo inayake yakalekale, achibale a tizomera tokwawa tam'chinyontho. Inkamera m'madambo anthu kulibe, ndipo makungwa ake anasiya zidindo pamiyala ngati mamba a njoka.

Lolemba lina alamu ake, oswa miyala kukwale, anabwera ndi mwala wokulunga m'nyuzipepala. Ataufunyulula, mayiyo anaona mamba a umodzi mwa mitengo ija. Mtundu umenewo unkadziwika kumaiko ozizira akutsidya kwa nyanja yamchere kokha, ndipo nyumba yonseyo inali ndi chitsanzo chimodzi.

Anakumbuka kuti mwezi wathawo anawasiya okha alamuwo m'chipinda cha miyala iye akuyankha foni. Anatsegula dirowa. Chitsanzo chija chinalimo, koma mtima sunakhale pansi. Bambowa kale ankasema ziliza, tchizulo ankaidziwa bwino. Mwina anachita kusema mokopera. Anayendetsa galasi lokuzira pamamba onse a mwala wa alamuwo kufuna pamene chitsulo chinadutsa. Sanapapeze.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Wakupatsani ndani?"

"Landipatsa ndi phiri," anatero iwo. "Ine ndimayesa chidindo cha tayala. Ngati simukuufuna, ndikatchingira chitseko."

Loweruka m'mawa anapita nawo kukwale, atanyamula hamala yakeyake. Alamu ataloza pokumba, iye anakana, nasankha yekha pena, pansi pa mzere wakuda ngati makala. Miyala iwiri yoyamba inali yopanda kanthu. Wachitatu utang'ambika, mamba aja anaoneka, akadali a chinyezi. Cha m'munsi anapeza wina wa timabowo tozungulira tondondozana, mtundu umene sanauonepo m'buku lililonse.

Anakhala pansi pafumbi, siketi yaku ofesi ili yomweyo. Pepani sanamutchule, koma anawapatsa alamuwo botolo lake la madzi, n'kufunsa ngati pali wina akudziwa za malowa.

Iwo anakanda kumutu. Anati pali bambo wina wa galimoto yoyera amene wakhala akubwera miyezi iwiri tsopano, kusankha miyala yamamba yokhayokha, amvekere ndi yokongoletsera maluwa kunyumba. Uliwonse amaukulunga m'thonje.

"M'thonje? Mwala wa pamaluwa? Ameneyo akudziwa mtengo wake, akukagulitsa mobisa."

Mayiyo anatulutsa kope, nawauza kuti akumbukire nambala ya galimotoyo, ngakhale theka lake. Alamu anatseka maso n'kuyamba kutchula.