Udzu M'matayala

Pickersgill wa ku khonsolo anandilakwira ine, Nelson Lovell, chaka chimene madokotala anandiika chitsulo m'chiuno.

Ndinali nditagula kamunda m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe kale ankawetapo nkhumba. Palibe ankakafuna. Ndinangopempha chilolezo choimikapo kalavani yathu, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto, kuti ine ndi mkazi wanga Sinfi tikalambe popanda apolisi kutigogodera.

Pickersgill anabwera kumundako, komwe tinali titaiimika kale, nazungulira kalavaniyo ngati akufuna kuigula. Kenaka anawerama.

"Bambo Lovell, udzu wamera m'matayala. Pansipa nkhuku ikufungatira."

"Yakulakwirani chiyani?"

"Chilolezo ichi n'cha anthu oyendayenda. Inu mumayenda?"

"Ndinabadwira m'ngolo yokokedwa ndi hatchi, achimwene. Inu munabadwira kuti?"

Sinfi anasuzumira pawindo. "Awa kuyenda? Ngakhale kuchimbudzi amapita akubuula."

Mkazi ameneyu pakamwa pake sipauma. Pickersgill anamwetulira, n'kunena kuti munthu amene anasiya kuyenda salinso wa mtundu wathu wa anthu oyendayenda. Iye, wobadwira m'nyumba ya njerwa, kundiuza ine mtundu wanga!

Ndiye ndinati aone. Ndinachotsa nkhuku, ndinapopa matayala, tinamangirira kalavani kugalimoto. Tinapita kumsika wa mahatchi ku Appleby, kuchoka uko kukathyola maapozi kumwera, chiuno chikulira njira yonse ngati chitseko chakale. Paliponse Sinfi ankandijambula nditaima pa chikwangwani cha dzina la tauni.

"Sekererani, akulu, mukuoneka ngati mwaba galimoto."

Tili komweko, akomiti ya zilolezo ya kukhonsolo anabwera kudzayendera kamunda kathu kaja. Ine ndikuti tsikulo Pickersgill anachita kusankha. Anapeza munda uli mbee, nkhuku yokha.

Titabwerera ndinapita kuofesi kwake n'kumuyalira zithunzi patebulo.

"Zoonadi, mumayenda," anatero. "Nkhani imeneyo yatha."

"Ndiye chilolezo?"

"Akomiti aona kuti simukhalapo. Zikuonetsa kuti muli ndi kwina kogona."

"Kwina kuti? Kogonako n'komwe ndimakokaku!"

Anandiuza kuti ndikhoza kuchita apilo, n'kundipatsa bisiketi.

Munda woyandikana ndi wanga anaupatsa chilolezo chaka chotsatira. Mwadzaza makalavani oyera a anthu a m'tauni obwera kutchuthi, ndipo matayala ake sanagundepo msewu. Ife timagona pamalo opumira malole, kutsidya kwa msewu. Wanga munda uli ndi loko pageti, ndipo ndikagonamo usiku umodzi, andisumira kukhoti.