Majekete Obwereka a pa Ngala

Uthenga unafika pa doko la Ngala Lolemba m'mawa kuti Lachisanu kubwera mkulu wa boma woyendera maboti. Munali mu 1978, mwezi wa Meyi. Boti lililonse lonyamula anthu linayenera kupimidwa, ndipo lolephera likokeredwe kumtunda mpaka mwini wake atakonza zonse.

Rashidi nkhawa inamugwira. Boti lake lamatabwa ndilo linkadyetsa banja, ponyamula amayi ogulitsa nsomba kukawatsitsa kufupi ndi Dwangwa. Mkazi wake Asiyatu ankakwera nawo Loweruka lililonse ndi dengu la usipa, ngakhale anakulira kumtunda ndipo kusambira sankakudziwa. Matabwa anali olimba, injini inkalira bwino, nangula analipo. Chosowa chinali chimodzi basi: majekete oyandamitsa munthu pamadzi. Ankafunika khumi ndi awiri, iye analibe ndi limodzi lomwe.

"Iwe Rashidi, zimenezo n'zodandaula?" anaseka Tryson, mnzake amene naye anali ndi boti. "Anga alipo okwana. Bwanayo ayambe ndi boti langa. Akamakadya, tidzadutsa nawo m'bangomu n'kuponya mwako. Jekete limalankhula ngati? Akachoka udzabweza."

A Swaibu, mmisiri wokhoma maboti, ankamata phula chapomwepo. Anaika chitini pansi.

"Mwananga, khadi la chipani sulisiya pakhomo poopa a Yufi, anyamata a chipani aja, pamsika. Nanga nyanjayi yakuchepera? Kwera basi ukagule ako, ngakhale boti ligone pamchenga sabata ziwiri. Nyengo ya mwera yafika, ndipo chakudza sichiimba ng'oma."

"A Swaibu, sabata ziwiri ana adya chiyani? Zaka zisanu ndi zinayi ndili pamadzipa, sindinagubuduzepo."

Mkuluyo anangopukusa mutu n'kutolanso chitini chake.

Koma kukonza kokha anakonza, munthu uja! Anakwecha ndere, anapaka penti yobiriwira, zingwe anazipinda bwinobwino ngati kukubwera mkwatibwi. Lachisanu woyendera uja anafikadi, a Mzomera, munthu wofatsa wa imvi pang'ono. Atatha nkhomaliro anafika pa boti la Rashidi. Anagogoda thabwa lililonse ndi kanyundo akutchera khutu, analiza injini, kenako anawerenga majekete limodzilimodzi.

"Awa ndi anu, bambo?"

"Ndi anga, bwana," anayankha Rashidi.

"Chabwino. Asakhale otsamira mutu. Aliyense avale boti lisananyamuke. Ine ndikukupatsani pepala chabe, ndipo pepala silivuula munthu m'madzi."

Asiyatu, amene ankaonerera chapatali, anaomba m'manja ndi chimwemwe. Anauza amayi anzake kuti tsopano azikwera mtima uli m'malo. Rashidi anamva mawuwo, manyazi anamugwira, koma mkazi wake sanamuuze zoona. Galimoto ya a Mzomera isanafike n'komwe pamsewu waukulu, majekete anali atabwerera kale kwa Tryson kudzera m'bango muja.

M'mawa mwake Asiyatu anafunsa akukweza dengu lake, "Bambo a Zaidi, majekete aja ali kuti?"

"Ndasungitsa kwa Tryson, angabedwe. Taona nyanja yagona, ukuopa chiyani?"

Loweruka lachitatu, pochokera kumsika dzuwa lili paliwombo, mwera unadzuka. Abale, mphepo imeneyo siipempha njira. Funde loyamba linazimitsa injini. Boti linatembenukira cham'mbali, Rashidi akukoka chingwe cha injini mpaka zala kusupuka, amayi akukapa madzi ndi mbale zoyezera usipa. Funde lachiwiri linaligubuduza, gombe likuoneka apo, anthu akumtunda akumva kukuwa.

Asodzi anathamangira ndi mabwato awo n'kuvuula anthu asanu ndi anayi. Awiri sanaoneke: Asiyatu, ndi mayi wina dzina lake Benedicta amene anasiya khanda kunyumba. Rashidi anamira n'kuvuuka, anamira n'kuvuuka, akuitana mkazi wake mpaka mawu kutha. Anthu anawapeza atafa m'mawa mwake, madzi atawakankhira kumchenga.

Patapita masiku anayi a Mzomera anabweranso. Anamupeza Rashidi atakhala pakhonde, ana ake atatu atamuzungulira. Sanakalipe. Anavula chipewa, anapepesa maliro, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinawerenga khumi ndi awiri ndi manja angawa. Loweruka anali kuti?"

Rashidi anayang'ana pansi, misozi ikudontha pamaondo.

"Anali kwa mwini wake, bwana. Atapachikidwa kudenga."

"Kudenga? Mwini wakeyo sanapite nawo panyanja?"

"Ayi, bwana. Tsiku limenelo boti lake silinalowe m'madzi."

Phunziro: Woyendera boti amabwera tsiku limodzi, koma anthu amakwera tsiku lililonse. Konzani boti lanu kuti lipulumutse okwera, osati kuti likondweretse maso a bwana. Zida zobwereka zimabwerera kwa eni ake, inu n'kutsala pamadzi chimanjamanja.