Ntchito Zogona za a Dongosolo

"Kuyambira lero, m'kampani muno mulibenso ntchito yogona," anatero a Dongosolo, akugogoda bolodi ndi mpini wa tsache. "Ikagona ndiidzutsa. Ikafa ndikaifukula kumanda, iimirire mpaka ithe."

Dzina limeneli sanabadwe nalo. Analitola ku maphunziro a masiku ochepa kumene kampani inawatumiza, n'kubwerako ndi chikwama, cholembera, ndi mawu oti dongosolo amene ankathira paliponse ngati mchere. Kale anali munthu wa ku sitolo, woyang'anira misomali ndi simenti. Tsopano abwana aakulu, mayi wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kutsitsa munthu, anawapatsa ntchito yokhazikitsa ofesi yoyang'anira mapulojekiti onse a kampaniyo, yomwe inkamanga ndi kukonza nyumba.

"Ndidzabwera kudzaiona mwezi ukamatha," anatero abwanawo. "Ikandisangalatsa, mpando ndi wanu. Ikapanda kutero, misomali yakusowani kale."

Anapatsidwa chipinda cha kumapeto kwa khonde, cha zenera limodzi lotchinga ndi zitsulo, momwe anthu ankatayamo mipando yothyoka. Anachisesa okha, anachipaka penti, pachitseko n'kukhomapo chikwangwani. Khoma lonse la m'kati linakhala bolodi. Ntchito iliyonse inali ndi khadi lake, nambala yake, mwini wake ndi tsiku lomaliza. Yoyenda bwino khadi lobiriwira, yotsimphina lachikasu, yochedwa lofiira. Lolemba lililonse akuluakulu a zigawo ankabwera kudzayankha, ataimirira, chifukwa a Dongosolo ankati mpando ndi umene umagoneka ntchito.

Tisawanamizire, zinthu zinayenda. Lole inasiya kulonjezedwa malo awiri tsiku limodzi. Opaka penti anasiya kufika okumba mapaipi asanagumule khoma. Ngakhale denga la ku chipata, lomwe alonda anazolowera kulichinga ndi beseni, linakonzedwa. A Dongosolo anayamba kuyenda manja ali kumbuyo.

Kenako anatsikira m'makabati kukafukula ntchito zakale, zimene zinavomerezedwa koma osachitika. Anazipatsa makadi, ndipo poti zinachedwa ndi zaka, pafupifupi zonse zinabadwa zofiira. Zambiri zinagwera mlamu wawo, mkulu wa omanga, amene anakwatira mlongo wawo. Lolemba lililonse bamboyo ankaimirira pamaso pa anzake, chisoti m'manja, akumva dzina lake likubwerezedwa ngati nyimbo.

Tsiku lina mlamuyo anawapeza a Dongosolo pakhonde.

"Alamu, pali kanthu. Khadi lija lotseka khomo la chipinda cha mapepala."

"Nambala yake?"

"Nambala ndaiwala, koma khomolo..."

"Ntchito yopanda nambala ine sindiidziwa. Ndi lofiira?"

"Ngati diso la chidakwa."

"Ndiye mukufuna ndikuthandizeni kututa njerwa?"

"Ndimati mukaone kaye."

"Kuona kaye n'kumene kwatigoneka zaka zonsezi. Zokambirana m'makonde zinatha, alamu. Mlongo wanga munamutenga mutaona kaye?"

"N'chifukwa chake ndikunena," anayankha mlamuyo.

A Dongosolo anaseka, koma sanaime. Akanaima, akanamva kuti mipando yothyoka isanalowe, m'chipinda chawo chija munkasungidwa mapepala. Abwana ena akale ndiwo analamula kuti khomo lake litsekedwe, aboole lina kuchokera ku sitolo, koma anachoka njerwa isanafike. Khadi loboola khomo latsopano linaliponso pa bolodi, pansi penipeni, lobiriwira, likudikira mwezi wamawa. Koma a Dongosolo anali atasiya kuwerenga mawu a pa makadi. Ankangoona mitundu, ndipo mtundu wofiira unkawayabwa m'maso.

Lachisanu anasonkhanitsa onse. Abwana abwera Lolemba, anatero, ndipo safuna kadontho kofiira pa bolodi. Amene ali ndi ngongole ya ntchito agwire Loweruka, agwire Lamulungu, akapepese kutchalitchi pambuyo pake. Mlamu uja anakweza dzanja.

"Zonse, alamu?"

"Pano si alamu. Pano ndine ofesi. Zonse."

Mlamuyo anavala chisoti chake n'kupita kukafunsa mchenga.

Lolemba a Dongosolo anafika atavala jekete la paukwati, lomwe linkawathina m'khwapa. Anawalandira abwana pachipata penipeni, kuti awaonetse denga losadontha. Anawadutsitsa pabwalo, kumene lole inali itanyamuka kale, ndipo abwanawo anagwedeza mutu. Mtima wa a Dongosolo unakhala m'malo. Pamasitepe anayamba kufotokoza za mitundu itatu ija, kumbuyo kukutsatira akuluakulu a zigawo, kalaliki atanyamula riboni ndi sizasi pa mbale.

"Mukangolowa, mayi, kampani yonse muiona pakhoma limodzi," anatero, akutulutsa kiyi m'thumba.

Anakhota pakhonde.

Kumapeto kwake kunali khoma, losalala bwino, pulasitala akadali wonyowa, fungo la simenti lili guu. Chitseko chinali chitatsamiritsidwa pambali mwaulemu, chikwangwani chake chili pomwepo. Pafupi nacho panaima mlamu uja, akupukuta manja pa ovolosi.

A Dongosolo anatsala chiimire, kiyi ali m'mwamba. Abwana aakulu anayandikira, anakhudza khomalo ndi chala, n'kuyang'ana simenti imene inamatirira kunsonga.

"Ntchito yaukhondo," anatero. "Nanga tilowera pati?"